Anzanga okaoda katundu ku Istanbul, siyaniko tsiku limodzi loona mzindawo

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi anzanga a geni ya zovala, makamaka amayi amene timakwera ndege kukaoda katundu ku Istanbul, m'dziko la Turkey. Ndine mayi wa zaka 52, ndipo madiresi, masuti ndi nsapato ndakhala ndikugulitsa kwa zaka zoposa 20. Ku Istanbul ndapitako kanayi. Maulendo atatu oyamba ndinabwerako mzindawo ndisanauone, chonsecho ulendo uliwonse ndimagona masiku asanu m'kati mwake mwenimweni.

Amene anafikako akudziwa mmene zimakhalira. Umanyamuka ku Lilongwe, kukasintha ndege ku Addis Ababa, ukatsika ulendo wa ku Laleli, dera la mashopu oodetsa zovala. Kuyambira m'mawa uli m'mashopu, kukwera ndi kutsika masitepe, foni m'manja kuwerengetsa madola, kunenerera mtengo wa seri, ija paketi ya diresi la mtundu umodzi m'masaizi onse. Madzulo kukapimitsa katundu pasikelo kwa a kago cha ku Aksaray, ukatero kuchipinda kukawerenga zotsala. Mutu wonse umakhala pa mpamba, poti ambirife ndalamayo imakhala ya banki m'khonde kapena ya ngongole yoyamba kubwezedwa mwezi ukangotha, ndipo madolawo timawapeza movutikira. Ndiye wina akati tiyeni tikaone nyumba zakale, umamva ngati akukutayitsa nthawi. Inenso ndinkaganiza choncho.

Ulendo wachinayi, mu Okutobala, katundu tinamaliza Lachisanu pomwe ndege yathu inali ya Lamulungu usiku. Mnzanga amene timayendera limodzi, mayi wa Chisilamu wa ku Mangochi, ali ndi mwana wa alongo ake amene akuphunzira za uinjiniya pa yunivesite ina kumeneko. Loweruka m'mawa mnyamatayo anatipeza pa hotela n'kunena kuti, "Azakhali, inu ndi amayiwa lero sikelo muisiye. Valani nsapato zoyendera, mutengenso mipango ya kumutu." Anatikweza kasitima ka magetsi koyenda pakati pa msewu, kamene kamadutsa pa Laleli pomwepo. Umalipira ndi khadi lotchedwa Istanbulkart, longogunditsa pachipata. Tinadutsa Beyazıt, tinadutsa Çemberlitaş, pa siteji yachitatu, Sultanahmet, tinatsika. Mphindi khumi sizinakwane. Kasitima kameneka ndinali nditakaona kambirimbiri kakudutsa ine nditasenza majumbo a katundu, osadziwa kuti kakupita pamalo pamene anthu amawolokera nyanja kudzaona.

Choyamba kutiimitsa chinali mwala. Uli pabwalo pamene kale ankapikisanirapo ngolo za mahatchi. Ndi mwala umodzi wosalumikiza, wofiirira, wosongoka kumwamba, kutalika pafupifupi mamita 20, ndipo mbali zonse zinayi anagobapo mbalame, maso ndi zizindikiro zina. Mnyamatayo anati, "Amayi, uwu ndi wa kwathu ku Africa." Anausema ku Egypt m'masiku a Farao Thutmose III, zaka pafupifupi 1,450 Yesu asanabadwe, ndipo mfumu ya Aroma Theodosius inauimika pamenepo m'chaka cha 390. Kadzidzi wogobedwa pamwalawo akuoneka bwinobwino mpaka lero, ngati wamisiri wangochokapo dzana.

Pafupi pomwepo pali mzikiti wa Sultan Ahmed wa nsanja zisanu ndi imodzi, umene anayamba kuumanga mu 1609. Kulowa ndi kwaulere, bola isakhale nthawi ya swala. Umavula nsapato n'kuziika m'jumbo, amayi timafunda mpango. Makoma ake anamata matailosi oposa 20,000 ochokera ku İznik, ojambulidwa maluwa obiriwira ngati mtambo. Ndi wokongola zedi, koma anthu anali thithithi, moti sitinakhalitsemo.

Kumene ndinakhalitsa ndi ku Hagia Sophia, tchalitchi chakale chimene tsopano ndi mzikiti, yomwe eni dziko amati Ayasofya, tsidya lina la bwalo lomwelo. Kuyambira mu Januwale 2024 alendo amalipira mayuro 25 ndipo amaonera m'chipinda cham'mwamba, pomwe pansi ndi pa opemphera. Ndinaima kaye pamzere n'kuwerengetsa kuti ndalama imeneyi ingandigulire chiyani ku Laleli. Ndinalipira, ndipo sindikudandaula. Mnzanga uja anadikira nthawi ya swala ya masana n'kulowa pansi, ine ndi mnyamatayo tinakwera pamwamba.

A Mkonzi, ine ndinakulira mu Blantyre, ndipo nyumba yakale imene ndinkaidziwa ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels cha pa Mishoni, chimene chinatha kumangidwa mu 1891. Iyi anaimanga kuyambira mu 532 kufika mu 537, pa ulamuliro wa mfumu Justinian. Zaka zisanu ndi miyezi, opanda simenti yathuyi, opanda makina onyamulira a masiku ano. Denga lake ndi lobulungira ngati mphika wovundikira, lili mamita 55 kuchokera pansi, ndipo m'munsi mwake anazunguliza mawindo 40, moti kuwala kukamalowa umaona ngati dengalo langolendewera m'malere. Loyamba linagwa mu 558 zivomerezi zitalifooketsa. Sanalisiye. Anamanganso lina lokwera kuposa loyambalo, ndipo ndi limeneli akhala akulikonza mpaka lero.

Pansi pamene tinkaponda mwala unasalala ndi mapazi a anthu, pena unachita kulowa m'kati ngati mphero yakale. Pakhoma lina pali chithunzi cha Ambuye Yesu, Mariya mbali iyi, Yohane Mbatizi mbali inayo. Sichojambula ndi penti, ndi timiyala ndi timagalasi ting'onoting'ono ngati njere za mapira, tina tagolide, tomata kamodzikamodzi. Mbali yam'munsi inagumuka kalekale, koma nkhope zilipo. Ya Yohane ndi yachisoni, tsitsi lili nyankhalala, maso akuyang'ana pansi ngati munthu wopepesera mnzake mlandu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Nditacheuka, maso anga anagwera pa zikwangwani zazikulu zozungulira, zolembedwa m'Chiarabu ndi zilembo zagolide, za maina a Allah, Mtumiki Muhammad ndi atsogoleri oyambirira a Chisilamu. Pansi mnzanga anali atagwada pamzere wa amayi.

Ndisabise, monga Mkhristu mtima unandipweteka pang'ono. Nyumbayi inali tchalitchi kwa zaka zoposa 900, kufikira mfumu ya Aturuki Mehmed II, mnyamata wa zaka 21, atalanda mzindawo pa 29 Meyi 1453 n'kuisandutsa mzikiti. Mu 1934 boma la Atatürk, pulezidenti woyamba wa Turkey, linalamula kuti ikhale nyumba yoonetsera zakale, ndipo mu 2020 yabwereranso kukhala mzikiti. Komabe ndinaganizanso kuti olandawo akanatha kuigwetsa, koma sanatero. Nkhope zija anazimata ndi pulasitala, ndipo pulasitalayo ndi amene anazisunga mpaka akatswiri anayamba kuzivundukula m'zaka za m'ma 1930. Mmisiri wawo wamkulu, Mimar Sinan, anaichirikiza ndi zipupa zochindikala kunja kuti isagwe. Titakumana panja, mnzanga anandifunsa zimene ndaona kumwamba, ine ndinamufunsa zimene waona pansi. Tinagula buledi wozungulira wowaza chitowe, amati simit, n'kumadya tikufotokozerana.

Kungowoloka msewu pali kanyumba kosaoneka kanthu. Ukalowamo umatsika masitepe, n'kupezeka uli m'nkhokwe ya madzi ya pansi pa nthaka imene Justinian yemweyo anamangitsa. Muli zipilala za mwala 336, m'mizere 12, chilichonse kutalika mamita 9. Mumazizira, madontho amagwa kuchokera kudenga, ndipo pansi pakadali madzi pang'ono. Kumapeto zipilala ziwiri anazikhazika pamitu yosema ya mkazi wa tsitsi la njoka, wina chadodolido, wina chammbali. Alendo onse amathamangira mitu imeneyo ndi mafoni. Ine chimene chinandigwira mtima ndi madziwo. Nkhokweyi inkasunga malita pafupifupi 80 miliyoni, obwera m'ngalande kuchokera kutali kunja kwa mzinda, kuti adani akazinga mzindawo kapena kukachita chilala anthu asasowe pogwira.

Chifukwa chake ndi ichi. Msika umene ndinayambira geni unapsa usiku wina ana anga akadali ku pulayimale. Uthenga unandipeza cha m'ma 2 koloko. Nditafika ndinapeza amayi anzanga akulira atagwira kumutu, anyamata akuthamanga ndi zidebe, koma mpopi wa pamsika unali wouma. Galimoto yozimitsa moto inabwera, madzi anaithera moto usanagonje. M'mawa pamalo panga panali malata opindika, mabelo atatu a kaunjika akufuka utsi, ndi mutu wa makina osokera a malemu mayi anga utada bii. Patatha sabata ziwiri tinakhomanso mabenchi, ndi mapaso omwewo, makatoni omwewo, mapepala a pulasitiki omwewo. Ndalama ya chiphaso cha msika tinapitiriza kudula tsiku ndi tsiku monga kale.

Ndiye mutha kumvetsa mmene ndinamvera titalowa mu Kapalıçarşı, msika waukulu uja alendo amati Grand Bazaar. Dzinalo limangotanthauza msika wofoleredwa. Uli pa Beyazıt, siteji imodzi yokha kuchokera ku Laleli, woti ukhoza kupitako wapansi. Muli misewu 61 ndi mashopu pafupifupi 4,000, zonse pansi pa denga la njerwa lokhota ngati uta, lokhala ndi timawindo m'mwamba. Anayamba kuumanga m'zaka za m'ma 1450, Mehmed II atangolanda mzindawo, ndipo lendi ya mashopu oyambirira inkapita kukasamalira Ayasofya. Mfundo imeneyi ndinamuuza mnyamatayo kuti aibwereze. Ndalama ya wogulitsa nsalu inali ndi kolowera kodziwika, koti iye mwini akatuluka panja n'kuloza ndi chala.

Pakati penipeni pali chimake cha msikawo, Cevahir Bedesten, nyumba ya makoma ochindikala, madenga obulungira 15 ndi zipata zinayi. Kale usiku ankatseka zipatazo n'kuikapo alonda, ndipo anthu a mumzinda ankasungitsamo golide ndi ndalama zawo ngati kubanki. Kuzungulira nyumba imeneyi kunamera mashopu amatabwa, ngati mmene mabenchi amamerera kwathu kuno. Ndipo ankapsa. Msika umenewu wapsa kambirimbiri, chivomerezi cha mu 1894 chinaugumula kwambiri, motonso wina waukulu unabuka mu 1954. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo atatopa ndi moto anasiya matabwa n'kufolera misewu ndi njerwa. Kale ankagulitsa masana okha, nyale ndi fodya zinali zoletsedwa m'katimo. M'mphambano zina muli mipopi yamwala, ndipo ndinaona bambo wina akusamba m'manja pa umodzi mwa imeneyo. Ndinapita kukagwira madziwo kuti nditsimikize.

Misewu yake ili ndi maina a ntchito za amene ankakhalamo: wa osula golide, wa osoka zipewa, wa opanga magalasi oyang'anira nkhope. Wa osoka zipewa, Kalpakçılar, lero ndi wa golide wokhawokha, wowala mpaka maso kuchita kuthobwa. Anthu a malonda ofanana ankakhala mzere umodzi, ali ndi akuluakulu awo oyang'anira mitengo ndi ubwino wa katundu. Zimenezi sizachilendo kwa ife, nafenso a tomato amakhala kwaokha, a usipa kwaokha, a zitenje kwaokha.

Tinaima pa kashopu ka bambo wina wachikulire wogulitsa mipango ndi matawulo, kakang'ono kuposa hokala yanga. Tisanafunse mtengo anatikhazika pa timipando n'kuitanitsa tiyi. Posakhalitsa mnyamata anatulukira pakati pa chikhamu cha anthu atalendeweretsa thireyi ya chitsulo pa chala, akuyenda mothamanga, osataya ngakhale dontho. Tiyi wake ndi wofiira, wopanda mkaka, m'timagalasi topanda chogwirira tolowa m'chiuno, shuga wa timibulu tiwiri pambali. Umagwira kukamwa kwa galasi kuti usapse. Bamboyo anatambasula mipango isanu ndi umodzi pa bondo lake, kundigwiritsa uliwonse, kundionetsa wa thonje ndi wosakaniza. Mtengo analemba pa kakyuleta, ine ndinafufuta n'kulemba wanga, iye anagwira pamtima n'kupukusa mutu, n'kulemba wina. Tinapita kanayi tisanagwirizane. Mnyamata wathu anatifotokozera kuti malonda oyamba a tsiku amawatcha siftah, ndipo amati kale wamalonda akagulitsa koyamba, kasitomala wachiwiri ankamulozera kwa mnzake amene sanagulitsebe. Ife timadziwa kukoma kwa ndalama yoyamba ya m'mawa, koma zolozera kasitomala benchi ya mnzathu ndinaziona kwa amayi akale okha, masiku ano timachita kukokerana.

Anzanga, ndikuchenjezeni kuti mumsika umenewu si moodera katundu. Mitengo yake ndi ya alendo odzaona malo. Mukafuna zotsika, tulukani n'kutsetsereka ndi msewu wa Mahmutpaşa, kumene eni mzinda amagula zovala za ana, za ukwati ndi ziwiya. Kumeneko mudzaona amtengatenga awo, amati hamal, abambo ena a imvi, atamanga chishalo kumsana n'kusenza mabelo otalika kuwaposa, atawerama mpaka nkhope kuyang'ana pansi. Mabelo athu aja amadutsa pamisana imeneyi asanafike pasikelo.

Pali malo amodzi amene mnyamatayo anatiimitsa tisanatsetsereke, pafupi ndi chipata cha msikawo chotchedwa Nuruosmaniye. Ndi timisewu wamba ta mashopu ndi malo omwera tiyi. Anati chakuno ndi kumene kunali msika wa akapolo, umene unatsekedwa m'zaka za m'ma 1840. Ankagulitsapo anthu ochokera ku Caucasus ndi madera ena, komanso anthu akuda ochokera ku Sudan ndi ku Ethiopia, obwera nawo kudzera ku Egypt. Anyamata ena ankafulidwa kuti akalondere akazi a mfumu m'nyumba yachifumu ya Topkapı, ndipo mkulu wa alonda amenewo ankakhala munthu wakuda wa mphamvu zambiri m'boma. Ine sindinaonepo chikwangwani chokumbutsa zimenezi. Mnzanga wa ku Mangochi anangoti chete, ine maganizo anapita ku Nkhotakota, kwa Jumbe, kumene anthu athu ankawolotsedwa nyanja ulendo wa ku Kilwa. Mzinda wosunga bwino miyala yake chotere ukanayenera kusunganso chikumbutso cha anthu amenewa. Tinayenda kaulendo ndithu osayankhulana.

Kumunsi, pafupi ndi madzi, kuli msika wa zonunkhira, Mısır Çarşısı, wa m'zaka za m'ma 1660. Fungo limakulandira usanalowe: khofi wongokazinga kumene, tsabola, sinamoni, chikasu, zonse zounjika milumilu. Nawonso anaumanga kuti lendi yake izisamalira mzikiti woyandikana nawo, Yeni Cami. Liwu loti Mısır ndi dzina la dziko la Egypt, komanso m'chiyankhulo chawo ndi chimanga, ndipo panja pomwepo anyamata amawotcha chimanga pa timangolo ngati pa depoti kwathu. Muno ndi mmene ndinalumidwa. Wogulitsa wina anandilawitsa maswiti awo ofewa aja, lokum, n'kuyamba kulongedza m'bokosi ndisanafunse mtengo wa kilo, n'kulimata pamakina. Mtengo umene anatchula unali wowirikiza umene ndinaupeza m'mashopu a kunja kwa msikawo. Ndinalipira poopa kukangana m'dziko la eni. Safunsa anadya phula: funsani mtengo wa kilo bokosi lisanatsegulidwe.

Dzuwa likupendeka tinakhala pa Eminönü kudya nsomba yowotcha yoika m'buledi ndi anyezi, tikuyang'ana abambo atandandalika ndi mbedza pamlatho wa Galata. Lamulungu m'mawa, ndi khadi lomwe lija, tinakwera sitima yapamadzi kuwoloka Bosphorus, kanyanja kopapatiza kamene kamagawa mzindawo pawiri, kupita ku Kadıköy. Mphindi 20 zokha tinachoka ku Ulaya n'kuponda ku Asia, mzinda ndi womwewo wa anthu oposa 15 miliyoni. Mnzanga, mwana wa kunyanja, anakana kukhala m'kati, anaima panja njira yonse mpango ukuuluzika.

Pempho langa kwa amayi anzanga ndi lakuti pogula tikiti muzisiya tsiku limodzi, ndipo likhale Loweruka, chifukwa Lamulungu Kapalıçarşı amatseka, pomwe Lachisanu masana mizikiti imakhala ya opemphera okha. Ngati ndalama yolowera ku Ayasofya yavuta, mwala wa ku Egypt, mzikiti wa Sultan Ahmed ndi misika yonse iwiri n'zaulere. Kwa makhonsolo ndi makomiti a misika yathu, pempho langa ndi zinthu zimene ndinaziona ndi maso ndi kuzigwira ndi manja: khoma la njerwa m'malo mwa makatoni, thanki ya madzi imene siuma mpopi ukauma, ndi chikwangwani pachipata chonena kuti ndalama ya ziphaso ya mwezi uno yakwana zakuti ndipo yagwira ntchito yakuti. Sitikupempha madenga obulungira.

Nditabwerako nkhaniyi ndinaikamba pamsonkhano wa mzere wathu wa zovala, ndipo ndinawaonetsa pafoni chithunzi cha mpopi wamwala uja. Ena anati za kunja n'za kunja. Koma amayi 14 tinasonkherana, tagula migolo iwiri ya malita 200 ndi ndowa zinayi za mchenga, taziika kumapeto kwa mzere. Tagwirizananso kuti mbaula zonse zizizimitsidwa ndi madzi tisanaweruke, ndipo Lolemba lililonse mmodzi wa ife amayang'ana ngati migoloyo ili yodzaza. Sabata ino ndi ine.

Ndine wanu,
Mayi wa geni ya zovala,
Blantyre